Walira Njinga Yamoto, Walira Oyilo

Kuchokera pa doko la Nkhata Bay, pamene imakocheza sitima ya Ilala, kukafika ku mchenga wa ku Chikale ndi mtunda wa makilomita aŵiri kapena kuposerapo pang'ono. Woyang'ana pa mapu angayese kuti ndi pakhomo pomwepa. Koma amene anaiyenda njirayo akudziŵa kuti imakwera, imatsika, imakhota m'mbali mwa phiri, ndipo mvula ikagwa, monga imagwera kuno kwa Atonga mosaumira, madzi amakumba ngalande nasiya miyala poyera. Kale chinangwa, usipa ndi nkhuni zinkadutsa m'menemo pamutu pa amayi. Masiku ano zambiri zimadutsa pa njinga zamoto za kabaza, pamodzi ndi ana a sukulu, alendo ndi odwala opita ku chipatala.

Njinga zimenezi sizigwa kumwamba. Ina inagulidwa ndi ndalama za mwana amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ina ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ina ndi penshoni ya mphunzitsi wopuma. Banja lonse limaika maso pa iyo kuti ilipire fizi ndi kugula ndiwo. Nanga n'chifukwa chiyani zambiri zimayamba kufuka utsi ngongole isanathe, ndi kukathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake? Timamva anthu akuti njinga za masiku ano n'zosalimba. Zilipo ndithu zosalimba, koma kaŵirikaŵiri njinga imafa chifukwa mwini wake anaŵerengera mtengo wogulira, osaŵerengera mtengo wosamalira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Vuto limeneli silinayambire kwathu kuno. M'chaka cha 1974 akatswiri a kampani ya Honda ya ku Japan anayendera maiko a kum'mwera chakum'maŵa kwa Asia kuti akaone chifukwa chimene njinga zawo sizinali kukhalitsa. Anapeza njinga imodzi itanyamula banja lathunthu, oyilo atada ndi kulimba ngati phala, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, tcheni chikukwekwereza. Atabwerera kwawo anapanga njinga yotchedwa CG125, imene inatuluka mu 1975: injini yosavuta kukonza, sefa yochapidwa, ndi tcheni chotsekeredwa m'chikwama chake. Injini zambiri za ku China zimene tikuziona pa kabaza lero zinatengera kapangidwe ka CG125 yomweyo. Tsono njinga zathuzi zinapangidwira anthu osasamala, ndipo zimapirira zambiri. Koma kupirira kuli ndi malire.

Buku limene palibe aliŵerenga

Njinga yamoto iliyonse yatsopano imabwera ndi kabuku. M'kabukumo muli tsamba la mizere, losonyeza ntchito yoyenera kuchitika pa mtunda wakutiwakuti kapena pakapita miyezi yakutiyakuti, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Kabuku kameneka n'komwe kamayamba kusoŵa, mwina ana atang'amba kuti akulungire mtedza.

Tiyeni tione kabuku ka njinga za liŵiro, zija anyamata athu amazisirira pa foni ndi kuzipachika pa khoma. Yamaha YZF-R1, imene inayamba kugulitsidwa mu 1998, ili ndi masilinda anayi, ndipo ya zaka zaposachedwa mphamvu yake ndi pafupifupi mahosipawa 200, pamene ya kabaza ili ndi 10 kapena 11. Injini yake imatha kuzungulira pafupifupi ka 14,000 pa mphindi imodzi, kutanthauza koposa ka 230 pa sekondi. Munthu angaganize kuti chilombo chotere chimafuna kukhudzidwa tsiku ndi tsiku. Chodabwitsa n'chakuti buku lake la ku Ulaya limati oyilo asinthidwe pakatha makilomita 1,000 oyamba, kenaka pa makilomita 10,000 aliwonse kapena pachaka; mapulagi pa 20,000; mavavu apimidwe pa 40,000. Honda CBR1000RR imasinthidwa oyilo pa makilomita 12,000, mavavu pa 24,000.

Nanga bwanji kanjinga kofatsa ka kabaza kamafuna oyilo watsopano kaŵirikaŵiri kuposa chilombo chija? Yankho lake ndilo phata la nkhani yathu. R1 imasunga malita pafupifupi 4 a oyilo wapamwamba, ili ndi sefa ya oyilo yosinthidwa, ndipo imaziziritsidwa ndi madzi. Ya kabaza imasunga lita imodzi yokha, sefa yake ndi kaukonde ka waya, ndipo imaziziritsidwa ndi mphepo basi. Pokwera chitunda cha ku Chikale pa giya yoyamba, anthu aŵiri ndi thumba la ufa wa kondowole ali pamsana, injini imathamanga kwambiri koma njinga ikuyenda pang'onopang'ono, motero mphepo yoiziziritsa palibe. Kutentha konseko kumathera m'lita imodzi ija. Komanso oyilo yemweyo ndiye amatumikira injini, magiya ndi kilatchi, kusiyana ndi galimoto mmene ziŵalo zimenezi zili ndi nyumba zawozawo. Mano a magiya amamupera mpaka atapepuka ngati madzi.

Mabuku a njinga zing'onozing'ono amasiyana: ena amati makilomita 2,000, ena 3,000, ena kupitirirapo. Koma pansi pa tsamba pamakhala mawu aang'ono onena kuti woyenda m'fumbi, m'matope kapena ndi katundu wolemera achite ntchitozi pafupipafupi kuposa mmene zalembedwera. Mawu aang'onowo ndiwo akunena za ife. Kwa njinga ya kabaza ya kuno, ife tikuona kuti makilomita 1,000 mpaka 1,500 ndiwo malire anzeru. Tiyerekeze mnyamata woyenda makilomita 100 patsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata: ndiye kuti masabata aŵiri aliwonse oyilo akhuthulidwe. Ambiri amadikira mwezi uthe, ena miyezi itatu, ena amangothira wina pamwamba pa wakale nati asintha. Kumeneko kuli ngati kuthira madzi oyera mu mtsuko wa matope.

Ntchito yake siivuta. Injini ikhale yofunda kuti litsiro lituluke lonse. Kaukonde kaja katsukidwe ndi palafini. Ndipo musanataye oyilo wakaleyo, mutengereni pa dzuŵa mumuyang'ane. Mukaona tizitsulo tonyezimira, m'kati mwayamba kudyana. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwaloŵa madzi. M'maŵa uliwonse njinga iimikidwe mowongoka pamalo osalala, kamtengo kopimira oyilo kapukutidwe ndi kuviikidwanso. N'ntchito ya mphindi imodzi, koma ndi imene imalekanitsa injini yofika zaka zisanu ndi ina yonoka chaka chisanathe.

Pali chinanso chimene ogulitsa ena sanena. Oyilo wambiri wa galimoto za makono ali ndi mankhwala oterera kwambiri, ndipo popeza kilatchi ya njinga imasamba m'oyilo, mankhwalawo amaichititsa kutereza. Injini imalira koma njinga siikoka pa chitunda. Pa botolo fufuzani zilembo zakuti JASO MA, muyeso umene anaukhazikitsa ku Japan mu 1998 pofuna kuthetsa vuto lomweli. Ndipo botolo likhale lomata. Oyilo wopunguliridwa m'botolo la zakumwa m'mbali mwa msewu palibe angakuuzeni kumene wachokera.

Mchenga wa ku Chikale

Mchenga umene alendo amaukonda ndiwo mdani wa tcheni. Ukasakanikirana ndi girizi umasanduka chinthu chonga mwala wonolera mipeni, ndipo umadya tcheni ndi masipuloketi usana wonse. Ngakhale buku la njinga za liŵiro limati tcheni chitsukidwe ndi kudzozedwa pa makilomita 800 kapena 1,000 aliwonse, ndiponso nthaŵi iliyonse njinga ikayenda m'mvula. Kuno kumene mvula imapitirira mpaka April ndi May, zimenezi zikutanthauza kangapo pa sabata. Tsukani ndi palafini, osati petulo, makamaka pa matcheni a njinga zikuluzikulu amene ali ndi timphira m'kati. Pukutani, dzozani oyilo wa magiya pang'ono, ndi kupukutanso wotsala kuti asaitane mchenga wina.

Chikwama cha tcheni chija anyamata ambiri amachichotsa tsiku loyamba, ati njinga imaoneka yachikale. Ife tikuti chibwezeni. Amene anachiika anaona misewu yonga yathuyi.

Tcheni chizikhala ndi mpata wosewera masentimita aŵiri kapena atatu mukachikankha pakati. Chikakhwepa kwambiri chimavuka, ndipo chikavukira pa liŵiro chingamange gudumu lakumbuyo. Chikakungidwa kwambiri chimaononga belingi ya m'magiya, imene kuisintha n'kung'amba injini yonse. Kuti mudziŵe ngati chatha, chikokeni kumbuyo kwa sipuloketi ya gudumu. Theka la dzino likaonekera, chatha. Mano akapindika ngati mbedza, sipuloketi yatha. Zitatuzi, tcheni ndi masipuloketi onse aŵiri, zimasinthidwa pamodzi, pakuti chatsopano choikidwa pa mano okutha sichichedwa kufanana nawo. Kudula mfundo imodzi kuti tcheni chifupike ndi njira yotchipa yoitanira ngozi.

Fumbi la chilimwe nalo lili ndi khomo lake, ndilo sefa ya mpweya. Ya siponji imachapidwa ndi palafini, kuumitsidwa, kudzozedwa oyilo pang'ono ndi kufinyidwa. Ya pepala siichapidwa, imasinthidwa. Taonapo njinga zoyenda popanda sefa n'komwe, mwini wake akuti ikupuma bwino. Ikupumadi, koma ikupuma fumbi, ndipo fumbilo likupala silinda ndi maringi mpaka utsi wobiriŵira utayamba kutuluka kumbuyo.

Za pulagi, batire ndi masipoko sitinena zambiri. Pulagi yabwino imaoneka ngati khofi wamkaka kunsonga. Mpata wake pa njinga zing'onozing'ono ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Masipoko agogodeni ndi sipanala, ndipo amene salira ngati anzake ndiye wakhwepa.

Mavavu okha ndiwo afuna mawu angapo. Pa injini ya mtundu wa CG125 mpata wa vavu ndi mamilimita 0.08, kuchepa kuposa pepala la m'kope, ndipo umapimidwa injini itazizira ndi tizitsulo topyapyala topangidwira ntchitoyo. Makaniko wopima ndi khutu amakonda kukunga mpaka kaphokoso konse katatha, mwini njinga nakondwa kuti injini yafatsa. Koma vavu yopanda mpata siitseka bwino injini ikatentha, ndipo imapsa. Zizindikiro zake ndi kuvuta kulira m'maŵa ndi kufooka pa chitunda. Kaphokoso kakang'ono ka "tiki tiki" sikaopsa; chete ndiye woopsa. Mukapita kwa makaniko, mufunseni kuti akuonetseni chopimira chake.

Pa R1 ya zaka zaposachedwa mavavu alipo 16, ndipo kusintha mpata wake kumafuna kuchotsa thanki, zophimba ndi makamushafuti, ndi kuika tizitsulo ta muyeso wake weniweni. Apa ndi pamene tikufuna kulankhula ndi anyamata amene akusunga ndalama ku Joni kuti adzabwere ndi njinga yotere. Mtengo wogulira yakale ungakhale wofikirika, chifukwa mwini wake amaigulitsa sevisi yaikulu itayandikira. Matayala ake ndi a mphira wofeŵa, ena amatha asanafike makilomita 5,000, ndipo simungawapeze pa msika wa Mpamba. Mimba yake imatalikira masentimita 13 okha kuchokera pansi, motero mwala woyamba wa njira ya ku Chikale udzapatsana nayo moni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula njinga yotere ayambe wapempha kuona mapepala a sevisi, ndipo ngati palibe, aŵerengere kuti ntchito yonse ili patsogolo pake.

Potsika kuchokera ku Mzuzu

Injini ikafa, banja limataya ndalama. Mabuleki akafa, limataya munthu. Mzinda wa Mzuzu uli pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malaŵi ili pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti pa mtunda wosakwana makilomita 50 njinga imatsika mamita oposa 700. Chizoloŵezi chimene chafala ndicho kuzimitsa injini kapena kuika pa nyutulo potsika, pofuna kupulumutsa petulo. Akatero ntchito yonse yogwira njinga, woyendetsa, pasinjala ndi katundu imatsalira mabuleki okha. Mabuleki a ng'oma amatentha, chitsulo chimafutukuka, ndipo phazi limaponda mpaka pansi njinga osamva. Zimenezi zimachitika osati pamwamba pa chitunda ayi, koma pansi, pamene pali kona ndi mlatho. Njira yoyenera ndiyo kutsika ndi giya yomwe mukanakwera nayo, kuti injini ithandize kugwira. Petulo wopulumutsidwa pa chitunda chonse sadzaza ngakhale kapu ya tiyi.

Njinga zimene zili ndi mabuleki a mbale kutsogolo zimagwiritsa mafuta a mabuleki, ndipo mafutaŵa amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano saŵira mpaka kutentha kutafika madigiri 230. Akamwa madzi angaŵire pa 155. Akaŵira, m'paipi mumakhala nthunzi, ndipo chogwirira chimafika pa chiwongolero popanda kanthu. N'chifukwa chake mabuku, a R1 ndi a njinga zing'onozing'ono omwe, amati mafutaŵa asinthidwe zaka ziŵiri zilizonse ngakhale njinga itangokhala m'nyumba, ndipo Yamaha imaonjezera kuti mapaipi ake a mphira asinthidwe pa zaka zinayi. M'dera la chinyezi ngati lathu lino, kuyambira ku Usisya mpaka ku Chintheche, lamulo limeneli silofunika kulinyozera.

Ndiponso tileke kutsukira njinga m'nyanja. Madzi amaloŵa m'ng'oma za mabuleki ndi m'mabelingi a magudumu, natsuka girizi, nasiya mchenga. Chidebe ndi kansalu kumtunda zikwanira. Amene wadutsa pa madzi akuya aponde mabuleki pang'onopang'ono kangapo mpaka atauma, asanaonjeze liŵiro.

Matayala apimidwe mpweya m'maŵa asanatenthe, kamodzi pa sabata, ndi geji osati ndi chala. Muyeso wake umalembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo wa munthu mmodzi umasiyana ndi wa anthu aŵiri. Tayala lopanda mizere limayenda bwinobwino chilimwe chonse mpaka tsiku la mvula yoyamba, pamene tala amaterera ndi fumbi ndi mafuta a miyezi isanu. Madokotala a mafupa m'zipatala zathu zazikulu, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa ovulala pa njinga za kabaza. Pa ngozi zimenezi timatchula liŵiro, moŵa ndi kusoŵa ziphaso, ndipo n'zoona. Koma tayala losalala ndi buleki wosagwira sizitchulidwa kaŵirikaŵiri, chifukwa njinga ikaphwanyika palibe amakazifufuza. Chisoti nacho n'chiŵalo cha njinga: chimene lamba wake anaduka, kapena chinamenyekapo kolimba, chatha ntchito ngakhale chikuŵala.

Kunena za petulo, wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi mafuta a nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kuwatcheza. Mafuta a nzimbe amakoka chinyezi, motero njinga yoima masabata ambiri ndi thanki yosadzaza imachita dzimbiri m'kati, ndi madzi amakhazikika pansi pa kabuleta. Pali kasikuluwu kokhuthulira pansi pake. Kamasuleni kamodzi pa mwezi. Nthaŵi ya kusoŵa kwa mafuta, pamene anthu amagula wa m'zigubu, petulo athiridwe kudzera pa kansalu koyera.

Oyilo agule ndani?

Tsopano tifike pa nkhani imene imadanitsa abale. Njinga zambiri siziyendetsedwa ndi eni ake. Mwini amapereka njinga kwa mnyamata, kaŵirikaŵiri mphwake kapena mwana wa mnansi, napangana kuti madzulo aliwonse azipereka ndalama yakutiyakuti, yotsala ikhale yake. Pa pangano lotere mnyamata alibe chifukwa choimitsira njinga theka la tsiku kuti ikonzedwe, pakuti ndalama ya tsikulo idzafunidwabe. Ngati oyilo agula ndi iye, adzagula wotchipa ndipo adzachedwetsa. Mwini naye amaona ndalama ikubwera nayesa kuti zonse zili bwino, mpaka tsiku limene injini yanoka, ndipo mlandu umafika kwa ankhoswe a banja.

Inu makolo amene muli ndi njinga pa msewu, sevisi ndi yanu, si ya mnyamata. Gulani oyilo nokha. Patulani m'maŵa umodzi masabata aŵiri aliwonse, ndipo pa tsikulo chepetsani ndalama imene mumalandira, kuti mnyamatayo asaone sevisi ngati chilango. Pa ndalama ya tsiku lililonse chotsaniponi kagawo kosungira matayala, tcheni ndi mabuleki, chifukwa zimenezi n'zodziŵikiratu kuti zidzatha. Ndipo inu anyamata, buleki akayamba kufooka nenani tsiku lomwelo, ngakhale muope kuti akulandani njinga. Pa mpando wakumbuyo pamakhala amayi a munthu wina.

Kope la sukulu la masamba 40 likwanira kulembamo zonse: tsiku, makilomita a pa wotchi, ntchito imene yachitika, ndalama, ndi dzina la makaniko. Wotchi ya mtunda ikafa, chimene chaduka nthaŵi zambiri ndi kebulo yochokera ku gudumu lakutsogolo, ndipo siidula. Popanda iyo palibe angadziŵe kuti makilomita 1,000 akwana liti. Pamene ikudikira kukonzedwa, ŵerengani masiku. Kope lomweli lidzathandiza pogulitsa njinga, chifukwa wogula wanzeru amalipira bwino akaona mbiri yolembedwa.

Oyilo wakuda wokhuthulidwa asatayidwe pansi kapena m'ngalande. Mitsinje ndi ngalande zonse za m'tauni ya Nkhata Bay zimathera m'nyanja, momwe timamwa, kuchapa ndi kupha batala ndi usipa. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndi moto, ndi kukamusiya ku galaja imene imasonkhanitsa. Asathiridwenso pa tcheni, pakuti tizitsulo tonse timene anatsuka m'injini tili momwemo.